Munthu Kumbuyo kwa Mchira

Gulu lawo linali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale wobwera kumene ankauzidwa tsiku loyamba: kumbuyo kwa Mchira kusatsale munthu.

Mchira anali telala. Loweruka lililonse m'mawa, anthu makumi awiri ndi mphambu ankathamanga kuzungulira damu lalikulu la kumapiri, m'tinjira ta m'tchire, m'nkhalango ya paini ndi m'mphepete mwa madzi. Njirazo zinali zambiri ndiponso zosokoneza, choncho Lachisanu telala ankadutsamo akumangirira m'nthambi tinsalu tofiira, totsala pa zosoka zake. Loweruka ankanyamuka pomalizira penipeni, akumasula tinsaluto kamodzikamodzi n'kumatiponya m'thumba la pachifuwa. Dzina la Mchira linachokera pamenepo, ndipo iye sankadandaula nalo. Kumbuyo kunalibe womufunsa mafunso.

Kenako m'gulumo munalowa mtsikana wina, Namzeze. Anamupatsa dzinalo chifukwa ankathamanga ngati sakuponda pansi, ndipo malo ake anali kutsogolo. Tsiku lina anatsalira mpaka Mchira anamupeza. Anati nsapato ikumupweteka. Loweruka lotsatira nsapato ija inamupwetekanso. Pofika mlungu wachisanu, gulu lonse linali litadziwa kuti nsapatoyo imapweteka pati.

Wapampando wa gululo anali mlongo wake wamkulu wa Namzeze, amene anamulera bambo awo atamwalira. Lachitatu la mlungu umenewu telala anavala jekete yake yabwino n'kupita kunyumba kwawo kuti akadzionetse. Wapampando anamuimitsa pageti.

"Zomwe wabwerera ndazimva kale," anatero. "Mlongo wanga sindinamulerere munthu wokonda kumbuyo. Iwe pakagwa vuto udzangokhala chete n'kuzimiririka. Bwerera."

Telala anayang'ana kuwindo. Katani inagwedezeka, ndipo anaona nkhope ya Namzeze. Anadikira kuti atuluke, koma sanatuluke. Mawu a wapampando akanawameza, koma zimenezi zinamukhala pakhosi. Kuyambira tsikulo mauthenga a Namzeze ankangolowa m'foni, iye osawatsegula. Anakwana asanu ndi awiri.

*

Loweruka kunacha ndi chifunga. Pabwalo loyambira, pafupi ndi kanyumba ka mlonda wa damu, anthu ankadumphadumpha kuti afundidwe, ena akuwongola miyendo pampanda. Madzi sankaoneka. Ankangomveka akumenya khoma, phwa, phwa.

"Mvetserani!" Wapampando anawomba m'manja. "Mvula yagwa mlungu wonse kumtunda, damu ladzaza. Leveni koloko atsegula mageti a madzi. Ndiye lero sitiwolokera pamiyala paja kumunsi kwa khoma ayi. Pamphambano ya m'paini tikhotera kumanzere, tikawolokere pamlatho wa msewu. Tsatirani tinsalu. Wodziwa njira kuposa tinsalu akasambe yekha."

Anthu anaseka. Monga mwa nthawi zonse, aliyense anaponya foni yake m'chikwama cha m'galimoto ya wapampando, poti zambiri zinagwerapo kale m'madzi. Mlembi wa gulu ndiye yekha ankatsala ndi yake. Iyeyu anali bambo wosalala, wa mawu ambiri, amene wapampando ankamutchula kuti "mlamu" moseka pamaso pa anthu. Bondo linkamuvuta, choncho sankathamanga. Ankatsogola pa njinga yamoto kukaima pa kamlatho ka matabwa, pakati pa ulendo, ndi chigubu cha madzi ndi pepala lowerengera odutsa. Chiwerengero chikaperewera, Mchira ankayenera kubwerera akumangiranso tinsalu mpaka wosowayo atapezeka.

Telala akumanga lamba wa thumba lake, Namzeze anaima pambali pake.

"A Mchira, mwadzuka?"

"Ndadzuka."

"Basi? Ine osandifunsa?"

"Mwadzuka bwanji."

"Sindinadzuke bwino." Anatsitsa mawu. "Mauthenga anga mwawerenga?"

Telala anakweza maso. Wapampando ankawayang'ana ali pachitseko cha galimoto, Mlembi naye ankawayang'ana ali panjinga. Kunena kuti ayi kukanafuna kufotokoza, ndipo kufotokoza ndi mawu ambiri.

"Ndawerenga."

"Ngakhale wa m'mawa uno?"

"Onse."

"Ndiye mwavomera?"

Anangogwedeza mutu kuti zithe. Nkhope ya Namzeze inawala mwakuti telala anadabwa, ndipo anatsala pang'ono kufunsa kuti wavomera chiyani. Koma wezulo inalira, ndipo mkazi uja anali atalowa kale m'chifunga ndi anzake a kutsogolo.

*

Telala anawasiya anzake kuti atalikire, kenako ananyamuka.

Njira inali yoterera. Udzu unkamunyowetsa mpaka m'mawondo, mizu ya mitengo inkatuluka m'matope ngati zala. Ankathamanga pang'ono, kuima, kumasula kansalu, kuponya m'thumba, kuthamanganso. Kumanja kwake damu linali litakwera mpaka kumeza bango lonse. Nsonga zokha ndi zomwe zinkasuzumira pamwamba pa madzi. Masiku ena malo amenewa ankakongola moti anthu ankaima kumangoyang'ana mapiri atagona chagada m'madzimo. Lero kunali mbuu, ndipo phokoso la nsapato zake lomwe linkamveka ngati la munthu wina womutsatira.

Atadutsa chitunda choyamba anafika pa mkuyu waukulu. Kuseri kwa mkuyuwo kanjira kakang'ono kankatsetserekera kumadzi, kumene kunali mwala wafulati. Pamwalapo ndi pomwe iye ndi Namzeze ankapumira, mapazi ali m'madzi, mkaziyo akulankhula, iye akumvetsera. Anaima, dzanja lili pa kansalu ka pamkuyupo. Anasuzumira kanjira kaja. Kankangothera m'chifunga.

Kutsikirako ndekha kuti ndikatani, anadzifunsa. Anamasula kansalu n'kupitirira.

Pa kamlatho ka matabwa anapeza Mlembi akumangirira kale chigubu panjinga, foni ataipanikiza ndi phewa kukhutu.

"Onse?" anafunsa telala.

"Onse, akulu. Makumi awiri ndi anayi, inu ndinu wa makumi awiri ndi asanu. Kodi mumathamanga, kapena mumasoka mabatani m'njiramu?"

"Mwawerenga bwino? Kuli chifunga."

Mlembi anachotsa foni kukhutu n'kumwetulira. "Mukufunsa za onse, kapena za mmodzi? Wadutsa kalekale ndi a kutsogolo. Lero nsapato yake ili bwinobwino."

Analiza njinga n'kupita. Telala anamwa madzi a m'botolo lake, koma sanatsike bwino. Kuchokera pamenepo tinsalu sankatimasula, ankatikoka mpaka nthambi kuthyoka.

Pamphambano ya m'paini, dzulo lake anali atamangapo tinsalu tisanu tolozera kumanzere, ndiponso nsalu yaitali yotchinga njira yakale yotsikira kumiyala. Anachotsa tisanu tija. Anamasulanso yaitali ija, anaikulunga bwinobwino kudzanja, n'kuiponya m'thumba. Atacheuka, njira ziwirizo zinali zofanana, zonse zakuda, zonse zolowa m'mitengo. Anakhotera kumanzere.

*

Anafika pabwalo nthawi itatsala pang'ono kukwana kotala tu leveni. Anthu anali atakhala pa udzu, nsapato atavula, akusekana za amene anagwa m'matope. Wapampando ankagawa mafoni kuchokera m'chikwama.

"Iyi ndi yako," anatero osamuyang'ana. Anapisanso dzanja n'kutulutsa yomaliza, yachikuto chobiriwira. Anaitembenuza. "Mlongo wanga ali kuti?"

"Mwina kuchimbudzi," wina anayankha.

Amayi awiri anapita kukaona. Anabwerera akupukusa mitu.

"Anathamanga naye ndani?"

"Ife tinayamba naye," anatero mmodzi wa a kutsogolo. "Koma titakwera chitunda choyamba anati akumanga chingwe cha nsapato, titsogole. Ife timayesa kuti..." Anayang'ana telala, osamaliza.

Telala anatsegula foni yake. Uthenga wa Lachitatu unati: "Achimwene anakhoma chitseko, kiyi anali m'thumba mwawo. Ndinagogoda galasi koma simunamve." Wa Lachinayi unati: "Mwandikwiyira? Ndiyankheni ngakhale ndi kadontho kokha." Enawo anawadumpha. Womaliza unalowa m'mawa womwewo.

"Lero ndipatuka pamkuyu wathu, ndikakudikireni pamwala. Mukabwera, tikalowa pabwalo titagwirana manja achimwene akuona, zichitike zochitika. Mukapanda kubwera, ndimva kuti zatha."

Asanakweze mutu, sayirini ya padamu inalira. Inayamba pansipansi, kukwera, kukwera, mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo.

Telala anaziona zonse ngati analipo. Namzeze wakhala pamwala, akumvetsera mapazi. Wadikira, wadikira. Wakwera kubwerera kunjira, wapeza mkuyu ulibe kansalu, wadziwa kuti Mchira wadutsa. Pa kamlatho wapeza palibe munthu. Pamphambano wapeza njira ziwiri zopanda chizindikiro, m'chifunga, wopanda foni, wopanda wotchi. Mwa njira ziwirizo, imodzi yokha ndi yomwe miyendo yake ikuidziwa.

"Ali kumunsi kwa khoma," anatero.

"Wati chiyani?" Wapampando anamugwira malaya.

"Watsata njira yakale. Ali kumiyala."

Mlonda wa damu, bambo wachikulire wa chikhoti chamvula, anali atatuluka m'kanyumba kake. Wapampando anamuthamangira.

"Bambo, imitsani madzi! Kuli munthu kumunsi!"

"Ine ndimangoliza, bwana. Otsegula ali kunyumba ya makina, kumapeto kwa khoma uko." Mlonda anaimba foni, anamvetsera, anaimbanso. "Sakuyankha. Makina akayamba kulira samva foni. Thamangani ndi galimoto. Imeneyi inali yoyamba. Yachiwiri ilira kukatsala mphindi zisanu. Ikalira yachitatu, ndiye kuti madzi atuluka."

Wapampando analumphira m'galimoto. Telala anavula thumba la tinsalu, analiponya pansi, n'kulowera kanjira kotsikira kumtsinje. Aka kanali koyamba kuti anthu a m'gulumo amuone akuthamanga ndi mphamvu zake zonse.

*

Kanjirako kanali kotsetsereka, kamiyala, kopotoloka ngati chingwe. Anaterereka kawiri, kachiwiri anasupuka chigongono pamwala, koma sanamve kanthu. Kumanzere kwake khoma la damu linkakwera m'mwamba, lakuda bii, mpaka kusowa m'chifunga. Anali asanaliganizirepo khoma limeneli. Lero ankalimva pakhosi pake, pamodzi ndi madzi onse amene linkawagwira.

Analiza wezulo yake ya m'khosi katatu n'kumvetsera. Palibe chinamveka. Analizanso.

Sayirini yachiwiri inamupeza akutulukira pamchenga.

Mtsinje wa kumunsi kwa khoma unali wotakata koma wosazama, ndipo anthu ankawoloka podumpha miyala ikuluikulu yondandalikana. Anaona woyamba, wachiwiri, wachitatu. Yotsalayo inali m'chifunga. Anayesa kuliza wezulo koma mpweya unamuthera. Anaitaya, n'kukuwa ndi mawu amene iye mwini sanawadziwe.

"Namzeze! Iwe, Namzeze!"

"Kuno!" Mawuwo anali aang'ono, ochokera pakati pa mtsinje. "Ndili kuno!"

Anadumpha miyala akuiwerenga. Pa wachisanu ndi chinayi anamupeza atakhala tsonga, atakumbatira bondo. Nsapato imodzi panalibe. Kakolo anali atatupa ngati chibakera, ndipo milomo yake inali yotuwa ndi kuzizira.

"Ndaterereka," anatero Namzeze. "Phazi linalowa pakati pa miyala. Ndayesa kukwawa koma..." Anayang'ana kukhoma. "Ija inali yachingati?"

"Yachiwiri. Kwera kumsana."

"Munandidutsa."

"Kwera."

"Ndinakhala pamwala paja mpaka matako kuuma. Nditakwera ndinapeza mwamasula kansalu ka pamkuyu. Munaima pomwe paja, a Mchira, munamasula ndi manja anu, n'kupitirira."

Telala anagwada, anamukoka manja n'kuwazunguliza m'khosi mwake. Anaimirira naye. Anali wopepuka, koma miyala inali yotalikirana ndiponso yandere. Kudumpha atabereka munthu sikukanatheka. Anatsikira m'madzi. Anamufika m'mawondo, ozizira ngati mpeni.

"Sindinawerenge," anatero akufufuza pansi ndi phazi.

"Chiyani?"

"Mauthenga. Sindinatsegule ngakhale umodzi. Ndawerengera pabwalo pompano."

"Koma munati mwawerenga. Munagwedeza mutu."

"Ndinanama."

Manja a Namzeze anauma m'khosi mwake.

Anadutsa mwala wachisanu ndi chitatu, wachisanu ndi chiwiri. Ali pa wachisanu ndi chimodzi, sayirini yachitatu inalira, ndipo isanathe kumtunda kunamveka chitsulo chikukhulana ndi chitsulo chinzake. Kenako kunabwera mkokomo wapansipansi umene anayamba kuumva m'mapazi asanaumve m'makutu. Kamphepo kozizira kanawawomba kumaso, konunkha matope akale.

"Mayo ine," ananong'ona Namzeze. "Akubwera."

"Usayang'ane. Gwira."

Poyamba panadutsa thovu ndi tizitsotso. Madzi anasanduka ofiirira. Anakwera kuchoka m'mawondo kufika m'ntchafu iye ataponda kawiri kokha, ndipo anayamba kumukankha miyendo ngati ng'ombe yofuna kudutsa. Anagwira mwala wachisanu ndi dzanja limodzi, linalo lili pa mwendo wa Namzeze. Wachinayi anauona ukumira iye akuuyang'ana.

"Nditsitseni," anatero Namzeze kukhutu kwake. "Tipita tonse. Nditsitseni, inu musambire."

"Khala chete."

"Mukundiuza ine kuti ndikhale chete? Inuyo?"

Chipika chinadutsa kutsogolo kwawo chikugubuduzika. China chinamumenya m'chiuno, ndipo phazi lake linachoka pansi. Kwa kamphindi kamodzi onse awiri anali m'madzi mpaka m'khosi, Namzeze akukuwa, iye akupalasa ndi dzanja limodzi mumdima wofiirira. Zala zake zinakhudza chinthu cholimba. Unali muzu wa mtengo wa kugombe. Anaugwira. Madzi anawakoka mpaka phewa lake linalira, koma sanausiye.

Anakoka pang'ono, anapeza pansi ndi bondo, anakokanso. Anakwawa kutuluka m'madzi mkazi uja akadali kumsana, ndipo sanaime pamchenga. Anakwera kanjira mpaka pamene mkokomo unatsalira m'munsi, m'pamene anamukhazika pa udzu n'kugwa chafufumimba pambali pake.

Anakhala choncho akupuma wefuwefu. Pamene panali miyala panali madzi okhaokha, othamanga, opanda chizindikiro chakuti munthu anakhalapo.

"Masiku atatu," anatero Namzeze, mano akuombana. "Ine ndikulira m'chipinda, ndikulemba, ndikufufuta, ndikulembanso. Inu foni ili m'thumba."

"Ndinakuona pawindo. Sunatuluke."

"Ndipo simunafunse chifukwa."

"Sindinafunse."

"Achimwene anati pakagwa vuto mudzakhala chete n'kuzimiririka. Ndinakangana nawo mpaka mawu kundithera. Ndinati sakukudziwani." Anapukuta madzi kumaso ndi kuseri kwa dzanja. "Lero mwalowa m'madzi chifukwa cha ine. Ndaona. Koma amene anandiika m'madzimo ndinunso. Ndiye sindikudziwa kuti ndikumenyeni kapena ndikugwireni."

Anachita zonse ziwiri. Anamumenya pachifuwa ndi chibakera chopanda mphamvu, kenako anagwira malaya ake onyowawo osawasiya, mpaka pamene mawu a anthu otsika ndi zingwe anamveka m'chifunga.

*

Pabwalo anamugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto, atamufunditsa majekete atatu, phazi atalikulunga ndi thaulo. Wapampando anali atafika kunyumba ya makina geti loyamba litatseguka kale, ndipo anaimitsa lachiwiri. Anagwira nkhope ya mlongo wake ndi manja onse awiri kwa nthawi yaitali. Atatembenuka, maso ake anali ofiira.

"Tsopano wina andiuze," anatero. "Mlongo wanga anapatukiranji panjira?"

Namzeze anayang'ana telala kudzera pachitseko chotsegula. Telala anamva lilime likulemera monga mwa masiku onse, koma anaponda patsogolo, madzi akuchucha m'kabudula.

"Amadikira ine."

"Iwe?"

"Pamkuyu. Ananditumizira uthenga. Ndimamufuna, ndipo iye amandifuna. Ndinabwera Lachitatu kudzanena zomwezi."

Wina m'gulumo anatsokomola. Wapampando anayandikira mpaka mpweya wake unamveka kumaso kwa telala.

"Ndiye unkadziwa kuti ali kumbuyo kwako. Unkadziwa, koma unamasula tinsalu tonse, ndi nsalu yotchinga njira ya kumiyala yomwe."

"Sindinkadziwa. Uthengawo ndinali ndisanawerenge."

"Ine ndinali pachitseko cha galimoto ino m'mawa. Ndinakuona ukugwedeza mutu." Anatembenuka. "Mlembi! Iwe unali pa kamlatho. Chiwerengero chinakwana?"

Mlembi anali ataima kumbuyo kwa anthu, chipewa cha njinga chili m'manja. Nkhope yake inali itatuwa. Anayang'ana wapampando, anayang'ana mtsinje umene unkakokomabe kumunsi, ananyambita milomo.

"Sichinakwane, bwana."

Telala anamuyang'ana kukamwa.

"Anadutsa makumi awiri ndi atatu. Ndinawauza akuluwa kuti mmodzi sanadutse, ndipo ndinatchula kuti ndi ndani. Ndinati bwererani mukamuyang'ane, ndi lamulo lathu. Iwo anati ndisade nkhawa, akudziwa komwe ali, afika naye. Ine ndinaganiza kuti ndi nkhani zawo za awiri, ndisalowererepo. Ndikanadziwa kuti akwiyirana, bwenzi nditabwerera ndekha, ngakhale ndi bondo langali." Mawu ake ankayenda bwinobwino, ngati madzi m'paipi. "Ndalakwa ine, bwana. Ndinakhulupirira munthu."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Amene anali pafupi ndi telala anasuntha pang'ono.

"A Mchira." Anali Namzeze. Anali atadzuka pampando, jekete imodzi itagwa paphewa. "Anakuuzani?"

"Ayi."

Namzeze anadikira. Gulu lonse linadikira. Nkhani yonse inali m'chifuwa mwa telala: chigubu chomangidwa kale panjinga, foni kukhutu, kumwetulira kuja, mawu aja a nsapato. Zinapanikizana pakhosi zonse nthawi imodzi, iliyonse ikufuna kutsogola, ndipo chomwe chinatuluka chinali chomwe chija.

"Ayi. Akunama."

"Ndinamirenji ine, akulu?" anatero Mlembi mofatsa. "Ndipindulapo chiyani?"

Namzeze anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Maso ake anadzaza misozi. "Ine mutu sukugwira," anatero. "Ndikhulupirire ziti?"

"Sukhulupirira chilichonse lero," anatero wapampando. "Tikupita kuchipatala. Akakumanga phazilo, mawa m'mawa ndikukakusiya kwa amayi, ukachirire kumeneko. Foni yako ndisunga ine." Analoza telala ndi kiyi wa galimoto. "Iwe usadzapondenso pabwalo lino, ngakhale pageti panga. Mlamu, siya njingayo, mlonda aisunga. Khala kumbuyoko umugwirizire phazi, msewu ndi wamabampu."

"Achimwene, dikirani kaye, ndikufuna ndimve bwino..."

Chitseko chinatsekedwa. Mlembi anazungulira n'kulowera mbali inayo. Galimoto inatembenuka pa udzu, inagwedezeka pa mabampu oyamba, ndipo chifunga chinaimeza isanafike pageti.

Anthu anayamba kuvala nsapato mwakachetechete, osamuyang'ana. Telala anaima pomwepo akunjenjemera, magazi a pachigongono akusakanikirana ndi madzi. Mayi wina wa m'gulumo, amene ankasoketsa kwa iye mayunifomu a ana ake, anamuponyera thaulo podutsa.

"Mayi," anatero telala. "Kwa amayi awo n'kuti?"

Mayiyo anaima. Anamuyang'ana mwachisoni ndiponso mwamantha pang'ono.

"N'kutali, a telala. Ulendo wa tsiku lonse, ndipo akuti basi imakusiya panjira. Ine sindinafikeko, dzina la malowo sindilidziwanso." Anamanga chingwe cha chikwama chake. "M'gulu muno amene amakudziwa ndi mmodzi yekha. Anawaperekezako kawiri chaka chatha, ndipo amayi awo amamukonda kwabasi."

"Ndani?"

Mayiyo analoza ndi chibwano njinga yamoto imene mlonda ankaikankhira kuseri kwa kanyumba kake.